Kompyuta Yaitana Apongozi

Ku Limbe kunali shopu ya zitenje ya a Chimtengo. Mmenemo munkagwira ntchito Ndaona, mayi wa mwana mmodzi, amene pa kompyuta ankalemba ndi chala chimodzi ngati nkhuku yojompha chimanga.

A Chimtengo anali ataika pulogalamu yosunga manambala a makasitomala. Kasitomala akasowa mwezi wathunthu, pulogalamuyo inkatumiza yokha uthenga m'dzina lawo: "Mayi, ndakusowani kwambiri. Bwerani Loweruka, chitenje chikukudikirani."

Ndaona atapempha kuti Loweruka apite ku chinkhoswe cha mng'ono wake, bwanayo anakana.

"Ukajomba, Lolemba usabwere. Kompyuta ilibe achibale."

"Chabwino, bwana."

Iwo atangotuluka, Ndaona anajomphajompha mpaka analowetsa nambala imene ankamutuma kuitumizira mayunitsi, ya mayi a akazi awo ku Thyolo. Analemba kuti mayiwo anagula chitenje kalekale. Uthenga unapita pompo.

Loweruka m'mawa minibasi inatsitsa mayiwo pakhomo, atanyamula nthochi ndi tambala, anzawo a mvano ali pambuyo.

"Akamwini! Zaka zonsezi mumandipatukira panjira, kani mumandisowa chonchi?"

A Chimtengo anagwada pa simenti, maso pansi. Akanayambira pati kukana uthenga wawo pamaso pa apongozi?

"Ndaona," ananong'ona, "tseka shopu uzipita. Ndipite nawo kunyumba asanasankhe zitenje zonse."

Ndaona anavina ku chinkhoswe mpaka nsapato kuduka. Pobwerera, mwana ali kumsana, ndi pamene anakumbukira kuti kulowetsa nambala amatha, koma kuifufuta sanaphunzire. Ndipo mwezi suchedwa kutha.