Khola Lomata la Kamphinda

Panali munthu wina woweta nkhuku kuseri kwa nyumba yake, dzina lake Kamphinda. Nkhuku zake sizinali zambiri, koma ankazikonda mopitirira muyeso. Pakati pa nkhukuzo panali tambala wofiira, wamtali miyendo, amene ankayenda pabwalo ngati mwini mudzi. Tambala ameneyu anali ndi ntchito yomudikira. Mphwake wa Kamphinda, mwana wa mlongo wake, anali atapeza mbeta, ndipo mukudziwa nonse kuti pa chinkhoswe akuchimuna safika chimanjamanja, amabwera ndi tambala. Kamphinda monga malume anali atalonjeza pamaso pa abale kuti tambalayo achokera m'khola mwake.

Tsiku lina likongwe analowa m'kholamo pa kampata ka pakati pa mitengo, napha anapiye. Kamphinda zinamupweteka kwambiri. Anaponda dothi, namata khola lonse, osasiya ngakhale poti n'kulowetsa chala. Chitseko anachikhomera chiguduli. Khola linasalala kuposa nyumba yogona mwini wake, ndipo odutsa ankaima kuliyamikira. Mkazi wake, Nangondo, anangofunsa kuti nkhukuzo zizipumira pati. Mwamunayo anayankha kuti mpweya sunaphepo likongwe.

Likongwe sanabwerenso, zimenezo tisamunamizire. Koma patapita masabata, nkhuku zinayamba kutuluka m'mawa zikuphethiraphethira, misozi ili chuchuchu. Zina zinkayetsemula, zina zinkadzikanda kumaso ndi chikhadabo. Kenako zikope zinatupa. Tambala uja diso lina linatsekeka ndi manthongo, moti ankajompha pambali pa chimanga n'kutola mchenga.

Kamphinda sanali waulesi. Ankafunditsa madzi, kuthiramo kamchere pang'ono, n'kumatsuka maso a nkhuku iliyonse ndi kansalu koyera. Masana nkhuku zikapitidwa mphepo pabwalo, maso ankaphwa, iye n'kumasangalala kuti wachiza. Madzulo ankazitsekera m'khola muja. Kukacha, maso atupanso.

Anapita kwa alangizi a ziweto. Iwo anamuuza kuti nthawi zina maso amatupa ndi chimfine cha nkhuku, chimene chimabwera ndi nkhuku yachilendo n'kufalikira pomwera madzi, ndipo chimenecho chimafuna mankhwala ndiponso kupatula zodwala. Anamufunsa ngati anagula nkhuku yatsopano, iye anati ayi. Anamufunsa za khola. Kamphinda anadzigunda pachifuwa, nati khola ngati lake kulibe m'dera lonselo. Alangizi analonjeza kudzaliona, koma chinkhoswe chinali chitayandikira, ndipo mtima wa Kamphinda unali m'mwamba. Kodi malume angaimirire pamaso pa akuchikazi atanyamula tambala wotupa maso? Anthu angaseke mpaka mwana woyamba kubadwa.

M'mawa wina anatsekula chitseko, nkhuku zinatuluka, koma tambala sanatuluke. Maso onse awiri anali atamatirira, khomo sankaliona. Kamphinda anaitana, anawaza gaga, koma kunali zii. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Bambo wamkulu uja anagwada, nalowetsa mutu ndi mapewa m'khola limene chilimatireni anali asanasuzumiremo.

Sanakhalitsemo. Zitosi zinali zitaunjikana, zonyowa, zofunda ngati manyowa a m'dzenje. Fungo lake linamulasa m'mphuno, m'maso munawawa ngati wathiridwa tsabola. Anatuluka chambuyo atakumbatira tambala, akutsokomola, misozi ili mbwembwembwe mpaka m'ndevu.

Nangondo ankatsuka mbale pafupi. Anamuyang'ana mwamuna wake, nayang'ananso tambala, onse awiri maso ali psuu.

"Abambo, kwagwa zovuta kuti?" anafunsa motero, kuseka akukubisa m'chitenje. "Kapena ndifunditse madzi a mchere okwanira anthu awiri?"

Kamphinda anakhala pansi, napukuta m'maso ndi malaya. Kenako nayenso anaseka, nati, "Nangondo, ine ndangolowetsamo mutu. Izi zimagona momwemo."

Anadzuka natenga khasu. Dothi lija analimata yekha analigumula yekha chakumtunda kwa khoma mbali zonse, natchinga mipatayo ndi waya wa maso ang'onoang'ono, kuti mphepo izidutsa koma likongwe ayi. Zitosi anazipala zonse, nakazithira kudimba. Pansi anawazapo phulusa ndi udzu wouma. Nkhuku zimene zinatupa kwambiri anazipatula, napitiriza kuzitsuka maso. Ulendo uno maso ataphwa sanatupenso. Alangizi atafika anapeza kuti ntchito yawo yatsala yochepa, anangosiya mankhwala a nkhuku zimene zinali ndi mafinya.

Pa tsiku la chinkhoswe tambala anafika maso ali gwa. Akumupereka m'manja mwa akuchikazi, analira kokoliriko pakati pa mwambo, anthu n'kufa nacho chiseko. Wina anafunsa Kamphinda mankhwala amene anachiritsa tambala wake. Iye anayankha kuti khasu.

Tsono inu makolo anzanga, fanizoli ndi lathu. Ambirife likongwe anatilumirapo mwana, kapena tinamva kuti analuma wa mnzathu, ndiye tinamata nyumba. Mwana asacheze, asafunse, asayankhe. Mkazi asapite kwawo. Timatero chifukwa cha chikondi, sindikukana. Kunja anthu amayamikira kuti pakhomo paja pali mwambo. Ndiye tikaona wa m'nyumba mwathu maso ali ofiira, timathamangira kumupukuta, timamugulira nsapato, timamupempherera, madzulo n'kumutsekeranso momwemo.

Likongwe alipo ndithu, ikani waya. Koma musanafunditsenso madzi a mchere, gwadani kaye, mulowetse mutu m'mene mumagoneka anzanuwo. Mukatuluka mukulira, khasu mukudziwa pamene lili.