Mizu Iwiri ya Nazimbiri

Kalekale, agogo a agogo anu asanabadwe, kunali mayi wina dzina lake Nazimbiri. Mwamuna wake anamwalira msanga n'kumusiyira mwana mmodzi wamkazi, Mwatitha. Pamudzi palibe ankamuwerengera Nazimbiri. Kukakhala mowa, sankamuitana. Kukagwa maliro, ankangomutuma kukatunga madzi.

Tsiku lina akutola nkhuni kuthengo, anapeza nungu atakodwa mumsampha. Anamumasula. Nungu uja sanathawe.

"Nditsate," anatero nungu.

Anayenda, anayenda, mpaka anafika pachulu pamene panamera zitsamba zambiri. Masamba ofanana, msinkhu wofanana. Nungu anakumba apa, anakumba apo, n'kuthyola mizu iwiri. Wina unali wofiira mkati, wina woyera.

"Wofiirawu umaletsa kutsekula m'mimba. Woyerawu umapha. Kunja sungaisiyanitse, uziyamba wathyola. Ukafika kumudzi ukauze anzako."

Nazimbiri anavomera. Koma atafika kumudzi sanauze munthu.

Dzinja litafika, matenda otsekula m'mimba anagwa pamudzi monga ankachitira chaka ndi chaka. Nazimbiri anakakumba muzu wofiira. Anaukazinga paphale mpaka kuda bii, anausinja, n'kumwetsa mwana wa mnansi wake. Mwanayo anadzuka. Anamwetsa wina, nayenso anadzuka.

Mbiri inafalikira. Amene sankamupatsa moni aja tsopano ankagwada pakhomo pake. Pamowa ankamuyalira mphasa. Nazimbiri anamva kukoma, ndipo mumtima anati, anthuwa akaudziwa muzuwu adzandiiwalanso.

Choncho ankakumba yekha. Ankakazinga yekha, atatseka chitseko. Anthu ankangoona ufa wakuda m'nsupa.

Mwatitha anakula. Anati, "Amayi, ndiphunzitseni mankhwalawa."

"Mawa, mwanangu."

Anakwatiwa, mkamwini anamanga nyumba pafupi ndi ya apongozi ake. Mwatitha anapemphanso. Mawa, mwanangu. Anabereka mwana wamkazi, anamutcha Ndaziona. Anapemphanso, mwana ali kumsana. Mawa, mwanangu.

Atatopa nazo, Mwatitha anawatsata amayi ake chakumbuyo, akubisala m'mitengo. Chulu anachiona. Zitsamba anaziona. Koma anali patali, sanaone kuti amayi ake ankathyola muzu uliwonse n'kutaya ina.

Chaka china Nazimbiri akupalira m'munda anangogwa. Anamunyamula kupita naye kunyumba. Mbali imodzi ya thupi inali itafa, kamwa itapotoka. Mutu unkangogwedezeka wokha osaleka. Nzeru zonse zinalimo, maso ankaona, makutu ankamva, koma akati alankhule pankangotuluka kubuula.

Mvula inagwa, matenda aja anabweranso. Ufa wa m'nsupa unatha. Kenako Ndaziona anayamba kutsekula m'mimba. Maso analowa, mwana amene ankathamanga pabwalo analeka ngakhale kulira.

Mwatitha anatenga khasu n'kuthamangira kuchulu. Anabwera ndi mizu m'manja, anagwada pamaso pa amayi ake amene anali atawagoneka pakhonde.

"Amayi, ndi imeneyi?"

Nazimbiri anaiyang'ana. Kunja sungaisiyanitse. Anafuna kunena kuti thyola, koma lilime linakana. Mutu unangogwedezeka monga mwa masiku onse, ndipo Mwatitha anati avomera.

Anasonkha moto pafupi pomwepo. Anatenga mpeni n'kuyamba kuduladula mizu ija paphale. Apo ndi pamene Nazimbiri anaona. Mkati munali moyera.

Anabuula. Mwatitha anati apirire, awapatsa phala akamaliza kumwetsa mwana. Anabuulanso mwamphamvu. Kenako anadzigwetsa pakhonde, n'kuyamba kudzikhwekhwereza ndi dzanja lamoyo lija, kulunjika kuphale. Anakhwekhwereza, anakhwekhwereza, fumbi likulowa m'kamwa. Dzanja linatsala pang'ono kuti ligwire phale.

Mkamwini anawaona. Anathamanga n'kuwanyamula.

"Apongozi, mupsa ndi moto."

Anakawagoneka m'nyumba bwinobwino, anawafunditsa nsalu, n'kutseka chitseko kuti asatulukenso.

Ali m'menemo Nazimbiri ankamva zonse. Anamva kusinja. Anamva madzi akuthiridwa m'chikho. Anamva Mwatitha akunyengerera mwana kuti amwe, mankhwala a agogo ake ndi amenewo, akamwa adzuka. Pambuyo pake panangoti zii. Dzuwa lisanapendeke, Mwatitha analira maliro.

Ataika mwanayo, Mwatitha analowa m'nyumba n'kukhala pansi pafupi ndi amayi ake. Anaona zilonda za pachigongono, za kukhwekhwereza kuja. Anaziyang'ana nthawi yaitali, ndipo anazindikira.

"Munkadziwa kuti si umenewo," anatero motsitsa mawu. "Ndinakupemphani, amayi. Ndinakupemphani ndili mtsikana."

Misozi inatsika m'masaya mwa Nazimbiri. Mwatitha anaipukuta, n'kutuluka.

Anthu a pamudzi atamva kuti mizu ya pachulu yapha mwana, anachita mantha. Anapita ndi makasu, anazula zitsamba zonse, zakupha ndi zochiritsa zomwe, n'kuzitentha.

Nazimbiri sanafe msanga. Anakhala zaka zambiri pakhonde paja. Mwatitha ankawasambitsa, ankawamwetsa phala, koma sanawafunsenso kanthu. Dzinja lililonse matenda ankabwera, ndipo anthu onyamula maliro a ana ankadutsa panjira ya pakhomo pake. Iye ankawaona onse.

Mwamva, inu. Ngati mukudziwa chinthu chopulumutsa anthu, chineneni lero pakamwa pakadali potseguka. Musachisunge kuti akugwadireni.

Nthano yanga ndiyo imeneyo, yathera apa.