Matayala Olimba pa Mchenga

Panali munthu wina amene anayendetsa malole zaka makumi atatu ndi zisanu. Ananyamula fodya, feteleza, simenti ndi chimanga, ndipo misewu ya dziko lino ankaidziwa ngati njira ya kudimba kwake. Anali dalaivala wabwino, zimenezo tisamulande. Koma anali ndi lamulo lake limodzi limene ankalisunga ngati kuti Mose anangoiwala kulilemba: tayala lizikhala lolimba. M'mawa uliwonse ankazungulira galimoto n'kumagogoda tayala lililonse ndi sipanala, khutu lili tcheru. Likalira mofooka, panalibe ulendo mpaka alipope. Ankati tayala lofewa limaulula dalaivala waulesi.

Mkazi wake, Nangondo, anali mphunzitsi wa kupulayimale. Chaka ndi chaka ankajambula chipululu pa bolodi, n'kumauza ana kuti kuli mayiko kumene mchenga umaunjikana mpaka kukhala mapiri. Ndipo chaka ndi chaka pankapezeka mwana wofunsa kuti, "Madamu, inuyo munakafikako?" Iye ankangoti, "Tsegulani tsamba lotsatira." Koma funsolo linkamupweteka. Ankalakalaka ataima pamwamba pa phiri la mchenga, ngakhale kamodzi kokha, maondo ake asanamukane.

Onse awiri atapuma pa ntchito, mwana wawo Lonjezo, amene ankagwira ntchito ya unamwino ku Namibia, anawaitana kuti akamuone. Anakhala kumeneko masabata atatu. Kutatsala masiku awiri kuti abwerere kwawo, Lonjezo anawapatsa makiyi a galimoto yake, ija yokoka ndi matayala onse anayi, nawalozera paki ya m'chipululu kumene alendo amapita kukaona mapiri a mchenga. Anawatsina khutu kuti, "Mukafike kukadali m'mawa. Dzuwa likakwera mchenga umawotcha, phirilo silikwereka."

Analawira. Bamboyo anayendetsa bwino, akuimba mluzu, Nangondo ali pambali pake ndi botolo la madzi pamiyendo. Kutayamba kuyera anafika pamene msewu wa tala unathera. Kutsogolo kunali mchenga wokhawokha, ndipo chapatali panaoneka phiri lalikulu lofiirira. Pamathero a msewupo panali kanyumba, ndipo munatuluka mayi wachitsikana wovala yunifomu ya paki. Anawalonjera mwaulemu, nayang'ana matayala.

"Bambo, musanalowe mumchenga phwetsani matayala. Mpweya utsale theka. Pobwerera tidzakupoperani, pampu tili nayo."

Bamboyo anaseka. Anaseka mokoma mtima, monga mmene timasekera mwana akatilangiza.

"Mwanawe, ndinayamba kugwira chiwongolero amayi ako asanakuganizire n'komwe. Ine ndiphwetse tayala labwinobwino ndi manja angawa?"

Mayiyo sanakangane naye. Anangoti, "Muyende bwino, bambo."

Nangondo anayankhula chapansipansi. "Bambo a Lonjezo, kuno n'kwa eni."

"Galimoto ndi galimoto kulikonse," anatero mwamuna wake, naponya giya.

Poyamba zinayenda. Bamboyo anacheukira mkazi wake ndi nkhope yoti mwaonatu. Koma asanapite patali injini inayamba kubuula, galimoto inalemera, kenako inaima. Anaponda mafuta. Matayala anazungulira pamalo amodzi, mchenga n'kumauluka. Anapondanso, galimoto inakhala pansi ngati nkhuku yofungatira mazira.

Munthuyu sikanali koyamba kutitimira. M'matope a dzinja anatitimirapo kambirimbiri, ndipo mankhwala ake ankawadziwa. Umathyola nthambi, umatola miyala, n'kuponyera pansi pa tayala. Zikakanika umaimba hutala, anthu a m'mudzi wapafupi amabwera kudzakankha. Anatsika nayang'ana uku ndi uku. Nthambi kunalibe. Mwala kunalibe. Mudzi ndiye usanene. Anakumba ndi manja, koma dzenje lililonse limene ankakumba mchenga unkalikwirira iye akuona.

Dzuwa linatuluka. Phiri lija linayaka mbali imodzi, mbali inayo kuli mthunzi wakuda. Linali lokongola zedi, koma linali patali, ndipo maondo a Nangondo sakanatha kuyenda mtunda wonsewo n'kukakweranso.

Nangondo sanakalipe. Akanakalipa zikanamupepukira mwamunayo, chifukwa mkangano ankaudziwa mayankhidwe ake. M'malo mwake anatsika, navula nsapato, nayenda pang'ono, nayala chitenje pamchenga. Anakhala pansi maso ali kuphiri.

"Musadzivutitse, bambo a Lonjezo," anatero. "Ndaliona. Ngakhale patali, ndaliona ndithu. Mwandifikitsa pamene sindinkayembekezera."

Ankanena zoona, sankamunyogodola ayi. Ndipo n'zimene zinamulasa mwamunayo. Anachita manyazi, namva chisoni. Mkazi amene anadikira zaka zonsezi anali kukhutira ndi theka, kuti mwamuna wake asatsike ulemu.

Bamboyo ananyamuka kuti apite pamene panali mkazi wakepo. Anali atavala nsapato zake za kutchalitchi, zolimba, za chidendene, ndipo paliponse pamene ankaponda zinkamira mpaka m'kakolo. Pafupi ndi maenje akewo panali mapazi a Nangondo. Phazi lopanda nsapato linali litayala bwinobwino, zala zitatambasuka, ndipo linangodinda pamwamba osamira. Anaima. Anayang'ana mapazi a mkazi wake, nayang'ana ake, kenako nacheukira matayala aja, olimba gwa, atadzikumbira okha manda.

Anabwerera kugalimoto. Anagwada pa tayala lakutsogolo, natenga kamtengo ka machesi, nabaya pa kamlomo kopopera. Mpweya unalira. Kwa munthu ameneyu phokosolo linali lowawa kulimva, koma sanachotse dzanja. Tayala linaphwa, linatambasuka, linakhala pamchenga ngati phazi lija. Anatero ndi onse anayi, akuyenda chogwada.

"Nangondo, kwerani."

Anabweza galimoto m'mbuyo pang'onopang'ono, osaponda mafuta mwaukali. Inagwedezeka, inatukuka, inatuluka. Ataiwongolera kutsogolo inayenda mofatsa pamwamba pa mchenga womwe uja, osabuulanso.

Anafika patsinde pa phiri mchenga ukadali wozizira. Bamboyo anavula nsapato zake n'kuziponya m'galimoto. Kukwera kunali kovuta: ukaponda katatu, mchenga unkakubweza kamodzi. Nangondo anatsogola, akupuma pafupipafupi, dzanja lili pa bondo. Mwamuna wake ankabwera pambuyo, ndipo anapeza kuti akaponda momwe mkazi wake wapondamo, phazi silinkaterereka. Munthu amene moyo wake wonse anali kutsogolo, tsiku limenelo anayenda m'mapazi a wina, ndipo sanafe nazo.

Pamwamba anakhala pansi moyandikana. Mapiri a mchenga anali ndandanda mpaka kumene maso amalekezera. Kunali zii, kamphepo kokha. Nangondo anatapa mchenga nauleka kuti udutse m'zala zake. Kenako anaona timizere ting'onoting'ono, mapazi a tizilombo ndi abuluzi amene anadutsapo m'mamawa, ndipo anaseka mpaka misozi.

"Zaka zonse zija ndinkauza ana a eni kuti m'chipululu mulibe chamoyo. Ndinkawanamizatu, bambo a Lonjezo."

"Ndiye tilipo awiri," anatero mwamuna wake.

Anamwa madzi a m'botolo limodzi. Mchenga utayamba kufunda anatsika, atagwirana manja, akutsetsereka ndi kuseka ngati ana a sukulu.

Pa kanyumba paja mayi wa yunifomu anayang'ana matayala, nayang'ana mchenga umene unali pa maondo a bamboyo. Anangokoka paipi ya pampu. Bamboyo anavula chipewa nati, "Mwanawe, wakutsina khutu ndi mnansi. Unanena zoona." Mayiyo anamwetulira, napopa matayala onse mpaka analimba, nati, "Tsopano mukubwerera pa tala, bambo. Kumeneko lamulo ndi lanu lija." Ndipo bamboyo anazungulira galimoto, nagogoda tayala lililonse monga mwa masiku onse, kenako awiriwo ananyamuka ali okondwa.

Tsono inu amene mwakhala apa, makamaka inu abambo anzanga a imvi, musamve ngati ndikunyoza kulimba. Kulimba kwanu n'kumene kunamanga nyumba, n'kumene kunaphunzitsa ana. Pa tala tayala lofewa limagwetsa galimoto. Koma msewu wa moyo suli tala yekhayekha. Mwana amene munkamulamula wakula. Mkazi amene munkamutsogolera nthawi zina ndiye akuona njira. Mukafika pamenepo n'kumapondabe mafuta monga kale, mukungodzikumbira dzenje.

Ndipo kumbukirani kuti m'galimotomo simuli nokha. Pali wina pambali panu amene ali ndi phiri lake limene akufuna kukwera. Mwina sadzakukalipirani. Adzangoyala chitenje n'kunena kuti, "Musadzivutitse, ndaliona patali." Mukadzamva mawu amenewo musadzati zinthu zili bwino. Tsikani, gwadani, phwetsani matayala mchenga usanayambe kuwotcha.