Mbale Imodzi ya Che Swaibu

Ku Ngokwe, zaka zija thonje likadali ndi mtengo, padalibe mbuzi imene inkafa mwaulemu popanda Che Swaibu. Iwo ndiwo adali wozinga nyama wa mudzi wonse. Asilamu ankawaitana chifukwa cha chipembedzo. Akhristu nawo ankawaitana kuti abale awo achisilamu asabwere pamwambo kudzangodya masamba ngati mbozi. Malipiro awo adali khosi la nyamayo ndi malo pamkeka wa akuluakulu. Mpeni wawo unkagona m'chikopa pamwamba pa chitseko, ndipo ana ankauopa kuposa mwini wake.

Mbiri yawo idali yoti ndi munthu wosalumpha kanthu pa za Mulungu. Iwo eni ankaithirira mbiriyo m'mawa ndi madzulo ngati mbande za fodya.

Chaka cha 1938 malungo adawagwetsa pakati pa mwezi wa Ramazani, ndipo kwa masiku asanu ndi anayi ankamwa phala masana anzawo akusala. Idi, chikondwerero chotsekera kusala, itapita, Shehe Sufiyani, munthu wochepa thupi ndi mawu omwe, adabwera kudzawazonda. Adawalimbitsa mtima kuti wodwala alibe mlandu, chofunika n'kubweza masikuwo Ramazani ina isadafike. Koma munthu akazengereza popanda chifukwa mpaka mwezi woyera n'kumupezanso, masikuwo amasalabe, ndipo pa tsiku lililonse amapatsa wosauka muyeso wa chakudya wodzaza manja awiri. Chikadutsanso chaka china, muyesowo umabereka.

Che Swaibu adaseka mpaka kutsokomola.

"Shehe, nkhokwe yangayi ikadzatulutsa njere imodzi ya chindapusa, mudzanditche dzina lina."

Shehe adangomaliza thobwa lawo n'kutsazika.

Mayi a m'nyumbamo, a Lukiya, amene amuna awo ankawatchula kuti Abiti Jafali, nawo adali ndi masiku asanu ndi limodzi a chikhalidwe cha akazi. Iwo ankabweza chaka ndi chaka osaliza ng'oma. Adayamba Lolemba lotsatira, uku akudzala chimanga, ndipo pamene Akhristu a kutsidya kwa msewu ankaphunzira nyimbo za Khirisimasi n'kuti iwo atamaliza kale. Atafunsa amuna awo ngati sangatsagane nawo, adapatsidwa phunziro laulere.

"Abiti Jafali, inu mumasala ndi mimba, ine ndimasala ndi mutu."

Adafotokoza kuti masiku a dzinja ndi aatali ngati maliro a mfumu, ndipo khasu limamwa madzi a m'thupi. Munthu wanzeru amadikira Juni, pamene dzuwa limatuluka mochedwa n'kubwerera msanga ngati mlendo wamanyazi, mphepo ya chiperoni itachotseratu ludzu. Tsiku ndi tsiku basi, lalifupi kapena lalitali. Nanga bwanji osasankha lotsika mtengo? A Lukiya adati amva, n'kupitiriza kupeta.

Juni adafikadi, ndi chisanu chake chonse. Koma Che Swaibu adaiwala chinthu chimene mbuzi iliyonse ya ku Ngokwe inkachidziwa bwino: nyengo yozizira ndiyo nyengo ya zikondwerero. Chimanga chidali m'nkhokwe, mpunga wa kudambo utapunthidwa, ndalama za thonje zikutentha m'matumba. Uyu ankakwatitsa mwana, uyo ankachita sadaka ya malemu bambo ake, kwinaku anamwali ankatuluka ku simba. Madzulo alionse Che Swaibu ankalengeza kuti mawa ndiye mawa. M'mawa uliwonse, asadasukusule n'komwe, pakhomo pankamveka odi wa munthu amene wamangirira mbuzi pamtengo.

Kuzinga nyama ya munthu kenako n'kukana chakudya chake, iwo ankatero, n'kunyoza mwini mwambo. Mwezi wa Julaye udapezeka ndi tsiku limodzi lopanda odi, koma mumphika mudali mutatsala khosi la dzulo lake, ndipo Che Swaibu adakumbutsa akazi awo kuti kutayitsa chakudya ndi tchimo. Tsaya lidadzaza, mkanjo udayamba kuthina m'mimba. Ogasiti adadutsa ndi fumbi lake, chisanu n'kulongedza.

Utaoneka mwezi wa Shabani, umene umatsogolera Ramazani, a Lukiya adafunsa mwaulemu ngati Juni uja adadzera kuseri kwa nyumba, poti iwo sadamuone akulowa. Che Swaibu adawerenga zala mokweza. Shabani ali ndi masiku makumi atatu. Akayamba pa tsiku la makumi awiri ndi awiri, adzamaliza ndendende madzulo omwe Ramazani idzalowe. Kuyamba msanga sikukadatheka, chifukwa padali maukwati awiri amene eni ake ankathamangitsa kuti achitike kusala kusadayambe.

"Pena mwezi umaperewera tsiku, bambo," adatero a Lukiya. "Sukambirana ndi munthu."

"Chaka chino ukwana," adayankha iwo, ngati adachita kulandira kalata.

Motero munthu amene adakana masiku a mitambo adayamba kusala mu Okutobala. Dzuwa la chaka chimenecho linkatuluka litapsa kale mtima. Nyenje zinkalira mpaka m'mutu, nkhuku zinkangoyenda kukamwa kuli yasa. Ndipo ankasala okha, zimene zimapweteka kuposa ludzu, pakuti mu Ramazani mudzi wonse umauma milomo pamodzi, koma apa fungo la ndiwo linkawalonjera kuchokera m'khitchini iliyonse. Ofunsa ankauzidwa kuti m'mimba simuli bwino.

Pa tsiku lachisanu ndi chiwiri adabwera a Blasius, Mkatolika wa nyumba yoyandikana nayo, mnzawo wa bawo wa zaka zambiri. Nkhondo ya Azungu idali itangoyamba, ndipo mwana wawo Willard ankanyamuka m'mawa mwake kupita ku Zomba kukalembetsa usilikali. Padali tonde wotsazikira, ndipo theka la abale a mayi ake a Willard adali Asilamu. Kukana sikukadatheka.

Tondeyo adali ndi maganizo ake. Adathawa kawiri, ndipo pomwe ankamugwira n'kuti dzuwa lili paliwombo. Che Swaibu adagwada, adatchula dzina la Mulungu, n'kugwira ntchito yawo mwaukhondo monga mwa masiku onse. Vuto lidabwera poimirira. Bwalo lidazungulira, nyumba ya a Blasius idaoneka ziwiri, mawondo n'kukana kutumikira. Anthu adaona wozinga nyama wa mudzi wonse akusiya mpeni wake wolemekezeka m'fumbi, n'kuyamba ulendo wa manja ndi mawondo kulowera kumthunzi wa mango.

A Blasius adathamanga ndi chikho cha thobwa lozizira. Che Swaibu adachiyang'ana monga munthu amayang'anira sitima yomusiya, n'kutembenuzira nkhope kumtengo.

"Iyayi, achimwene."

"Iyayi chiyani? Kodi Ramazani yakuyambirani nokha? Anzanu onse akudya apa, ndi Shehe omwe."

Shehe Sufiyani adalidi pomwepo, akudikira chiwindi. Adayandikira, adanjuta, n'kufunsa motsitsa mawu kuti atsala angati. Che Swaibu adatukula zala ziwiri. Shehe adayang'ana kumwamba nthawi yaitali ndithu.

"Mulungu atalikitse Shabani," adatero.

Madzulo a tsiku lotsatira anthu adasonkhana panja pa mzikiti, maso ali kumadzulo. Pagulu lonselo padali munthu mmodzi yekha amene ankapempherera mitambo, koma kumwamba kudali kosesa ngati bwalo la mkazi wanjala ya ulemu. A Lukiya, amene adali ndi maso akuthwa, adauona mwezi poyamba, wowonda ngati chikhadabo chowengedwa. Adayang'ana amuna awo, adaweramitsa mutu n'kukonza mpango, osanena kanthu. Chifundo chawocho sichidapite patali, chifukwa posakhalitsa zala khumi zidali zikuloza malo amodzi. Che Swaibu adayesa kunena kuti mwina ndi nthenga ya mtambo. Adayesanso kuti maso a anthu anjala amaona zambiri, koma wanjala pamenepo adali iwo okha. Shehe adalengeza kuti mawa ndi Ramazani.

Masiku asanu ndi atatu a ng'anjo aja adangolumikizana ndi mwezi wathunthu, popanda ngakhale kadzutsa mmodzi pakati. Ndipo tsiku limodzi lidatsalabe kutsidya, likuwayang'ana. Atapita kukadandaula kuti tsiku limodzi lokha silingawerengedwe kwa munthu amene wavutika chonchi, Shehe adawayankha kuti kuvutikako Mulungu wakuona, koma wosauka uja nayenso wamuona.

Che Swaibu adadzaza kambale ka ufa, adakabisa mumkanjo, n'kusankha nthawi ya masana pamene osala amakhala atagona m'makhonde. Adadzera njira ya kumunda kupita kwa a Zaina, mayi wamasiye wopanda womulimira. Chimene sadaganizire n'chakuti a Zaina makutu awo adali atatha, ndipo ankayankhula ndi aliyense ngati ali kutsidya la mtsinje.

"Che Swaibu! Mbale imeneyi ndi ya chiyani?"

Iwo adanong'ona kuti ndi ya tsiku lochedwa kubweza. Adanong'onanso kachiwiri. Kachitatu adachita kufuula, ndipo m'makhonde atatu mitu idadzuka.

A Zaina adaupima ufawo m'manja, n'kuthokoza Mulungu mokweza, potchula dzina la wopereka ndi la bambo ake omwe. Kenako adawagwira mkono mwachikondi.

"Koma mbale imodzi yokha? Chaka chamawa mudzachedwe kwambiri, mwananga, nane ndikhuteko."

Shehe sadawatche dzina lina. Ntchito imeneyo adaigwira mudzi. Mpeni udabwerera pamwamba pa chitseko, mbuzi zidapitiriza kufa mwaulemu, koma kuyambira chaka chimenecho wofuna wozinga nyama ankatumidwa kwa Che Mbale Imodzi, ndipo ngakhale alendo a ku Nselema sankasochera.

Tsiku lotsatira Idi, nyumba zonse zikutenthetsa mpunga wotsala, a Lukiya adapeza amuna awo atakhala pakhonde, milomo ili gwa, akusala tsiku lija. Adafunsa mwaulemu womwe uja ngati sakadachita bwino kudikira Juni. Che Swaibu adangoyang'ana dzuwa, limene lidali lisadafike n'komwe pamutu pa nkhokwe. Padalibenso phunziro laulere. Mawondo awo adali atapola, koma anthu a ku Ngokwe, amene adawaona pansi pa mango paja, sankafunanso wowamasulira mawu a akale akuti zengerezu adalinda kwawukwawu.