Kabotolo Kamene Kanakana Kufiira

Kuseri kwa nyumba ija kunali dziwe losambiramo, laling'ono ndithu, mapazi khumi ndi awiri m'litali, lokhala ndi masitepe atatu ndi chitsulo chogwirira m'mbali. Mwini nyumbayo anthu ankangowatchula kuti a Mpopi, chifukwa anagwira ntchito zaka makumi atatu ku kampani ya madzi, kuyeza madzi akumwa asanapite m'mapaipi. Anali munthu wabwino, ndisawanamizire. Koma pa nkhani ya madzi, eee, m'makutu mwawo munalibe mpata woti mawu a munthu wina alowemo.

Dziwelo silinali lachionetsero. Akazi awo anadwala sitiroko, mwendo ndi mkono wakumanzere n'kulefuka. Mayi wa mafizo, amene ankabwera kudzawaongola ziwalo, ananena kuti akamayenda m'madzi tsiku ndi tsiku mwendowo ungathe kudzuka, chifukwa m'madzi thupi limapepuka. Vuto linali lakuti amayiwa ankaopa madzi kuyambira ali mwana, ngakhale a m'bafa akapitirira m'mawondo. Zinawatengera a Mpopi miyezi inayi kuwanyengerera.

"Amayi, madzi ndimawadziwa ine," ankatero. "Ndikanena kuti lowani, dziwani kuti ndayeza. Ndinakunamizanipo liti?"

Analowa chifukwa cha mawu amenewo basi. Poyamba sitepe imodzi, atakakamira chitsulo. Patatha miyezi iwiri ankayenda mapazi asanu ndi anayi osagwira kanthu, a Mpopi akuwerenga mokweza ngati mphunzitsi wa sukulu ya mkaka. Anangotsala ndi mapazi atatu kuti awoloke dziwe lonse.

Ndiye kunagwa mvula yamasiku atatu, madzi n'kuyamba kubiriwira. Amene ankasamalira dziwelo anali bambo wina wa imvi, wobwera kawiri pa sabata ndi burashi yake yaitali. Lachisanu anathira klorini wambiri, mankhwala aja ophera tizilombo m'madzi, kuti ndere zife msanga.

"Bwana, ndathira wamphamvu," anatero polongedza. "Amayi asalowe mpaka ndidzayeze Lolemba."

Loweruka m'mawa madzi anali mbee, mpaka munthu kuwerenga matailosi a pansi. A Mpopi anatenga kabotolo koyezera. Kayezedwe kake n'kosavuta: umatunga madzi, n'kuponyamo kapiritsi, madziwo amafiirira, ndipo umafanizira mtunduwo ndi kakhadi ka manambala. Pakati pa wani ndi fili ndiye pabwino. Anaponya kapiritsi. Kanatulutsa kautsi kofiira kamphindi kochepa, kenaka zii, madzi n'kuyera ngati sanaponyemo kanthu.

Zaka makumi atatu zija zinawayankha nthawi yomweyo. Ku madzi akumwa, kabotolo kakapanda kufiira ndiye kuti klorini watha, ndipo ngozi imakhala yakuti anthu atsegula m'mimba. Klorini wochuluka mpaka kupitirira muyeso sanakumanepo naye, chifukwa m'madzi akumwa sathiramo wotere. "Ndere zamudya yense," anadziuza. Anatapa makapu awiri odzaza klorini n'kuwaza m'dziwe. Lamulungu anayezanso, kabotolo osafiira, anawonjezanso kapu ina, uku akung'ung'udza kuti antchito a masiku ano ndi aulesi.

Lolemba wosamalira dziwe uja atafika, anasuzumira m'chidebe cha mankhwala n'kugwira pakamwa.

"Bwana, mwathiranso?"

"Nanga ndikanatani? Munasiya dziwe lopanda kanthu. Onani nokha."

A Mpopi anayeza pamaso pake. Bamboyo anawerama, maso ali pa kabotolo. "Mwaona kufiira kuja kwangowonekera n'kuthawa? Kumeneko sikusowa kwa mankhwala ayi, ndi kuchuluka. Klorini akapyola muyeso amaufufuta mtundu wa kapiritsi, monga amachitira jiki pa nsalu. Tiyeni titunge pang'ono, tisakanize ndi madzi a m'botolo ochuluka, tiyezenso. Ndi mphindi ziwiri zokha, bwana."

A Mpopi anaseka, kuseka kuja kopweteka kuposa kutukwana. "Akulu, inu ndi burashi, ine ndi kabotolo. Pamene ndinkayamba kuyeza madzi a tauni yathunthu, inu munali kuti? Mukufuna kundiphunzitsa kusungunula madzi ndi madzi anzake?"

"Pepani bwana, sindikunyoza sukulu yanu. Koma amayi asalowe lero, chonde."

Amayi anali atakhala pa chikuku chawo pakhonde, atavala kale zosambira, thaulo pamiyendo. Masiku asanu anali atadutsa osalowa m'madzi, ndipo mayi wa mafizo anali atachenjeza kuti kudumphitsa masiku kumabweza mwendo m'mbuyo. Anayang'ana wantchitoyo, n'kuyang'ananso amuna awo.

"Abambo, bwanji tingoyesa zimene akunenazo?"

Apa ndiye panawawa. Akazi awo omwe, pamaso pa wantchito! Akanakhala awiri okha mwina akanagonja, koma manyazi anawaumitsa khosi. "Amayi, ndinakunamizanipo liti? Madzi awa ndi ofooka ngati a pampopi. Lero tikumaliza mapazi atatu aja."

A Mpopi anawatsitsa pa masitepe ndi manja awo omwe.

Mapazi anayi oyamba anayenda bwino. Pa lachisanu amayi anayamba kuphethira. Pa lachisanu ndi chimodzi anakhosomola, n'kunena kuti khungu likuyabwa ngati apakidwa tsabola. Anatapa madzi ndi dzanja lamoyo lija kuti apukute m'maso, ndipo kunali ngati athiramo moto. Anakuwa atatsinzina, nafunafuna chitsulo chimene chinali kutali. Mwendo wofooka uja unapinda, ndipo anamira.

Amene analumphiramo ndi nsapato zomwe n'kuwavuula anali wa burashi uja. A Mpopi anali ataima chilili, pakamwa pali yasa, nambala sikisi ikadali pa lilime.

Amayi anagona kuchipatala masiku anayi, maso otupa, pakhosi pali zilonda, chifuwa chikulira. Chovala chawo chosambira, chimene chinali chabuluu, a Mpopi anachipeza pa chingwe chitatuwa mbuu. Masana a tsiku lachiwiri, pakhomo pali zii, anatenga kabotolo kaja. Anatunga madzi a m'dziwe pang'ono, n'kudzaza kotsalako ndi madzi a m'botolo, monga ananenera wantchito. Anaponya kapiritsi. Madzi anafiira piriwiri, kupitirira nambala yomaliza ya pa kakhadi, chikhalirecho anali atawasungunula. Anakhala pansi pa sitepe, nkhalamba yonse ija, n'kulira ngati mwana. Mphindi ziwiri zokha, abale!

Maso anapola, chifuwa chinapola, koma mantha aja anabwerera ndi katundu wawo yense. Mayi wa mafizo anayesa kunyengerera, mwana wawo wamkazi anayesa pa foni, osatheka. Amayi sanakalipe, sanawatchule amuna awo dzina loipa ngakhale limodzi, ndipo bola akanakalipa. Anangoti, "Ine za madzi basi, abambo." Miyezi itapita, mwendo uja unauma, ndipo mapazi asanu ndi anayi aja anatsala nkhani yokamba alendo akabwera.

A Mpopi anapepesa kwa wantchito wawo, chipewa chili m'manja. Bamboyo anangoti, "Zinachitika, bwana," n'kupitiriza kukwecha matailosi.

Mpaka lero a Mpopi amayeza dziwe lija m'mawa uliwonse, ndipo palibe amene amayeza mosamala kuwaposa. Amatsuka kabotolo katatu, amatunga mozama mpaka m'chigongono, kutali ndi paipi yolavula madzi, amafanizira mtundu pamthunzi. Akakayika pang'ono pokha amasungunula n'kuyezanso. Akatha amapita pakhonde atanyamula kabotoloko ndi manja awiri.

"Amayi, lero ali pa thuu. Abwinobwino. Onani nokha mtundu wake."

Amayi amayang'ana kabotolo, n'kumwetulira mwaulemu. "Zikomo, abambo. Ndaona." Kenaka amatembenuza chikuku chawo ndi dzanja limodzi lija, n'kulowa m'nyumba.

Dziwe lili pompo, madzi ali mbee, koma amene analikonzera sadzapondamonso. Akuluakulu sananame: ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.