Kadontho kofiirira ka Zione

Ana inu, mwambi wa nkhono uja mumaumva kawirikawiri. Ena amati ndi wamakedzana, koma kwathu ku Domasi timaufotokoza chonchi.

Panali mayi wina dzina lake Zione Kalilombe, yemwe ankafufuza za ubongo pa yunivesite ina. M'maselo a thupi muli timalangizo ta chibadwa totchedwa majini, ndipo ena mwa iwo amagwira ntchito pamalo amodzi okha. Zione ankafuna kupeza jini yomwe imagwira ntchito m'kachigawo ka ubongo kosunga zokumbukira basi, osati kwina.

Ankadula ubongo wa mbewa mopyapyala kuposa khungu la anyezi, n'kuika tizidutswato pa timagalasi, n'kutiviika m'mankhwala. Pamalo pamene jiniyo ikugwira ntchito panayenera kufiirira. Koma Zione anali waphuma. Pakatha maola awiri ankavuula timagalasito, kutitsuka, kusuzumira pa maikulosikopu, makina okuza tinthu tosaoneka ndi maso. Mbee! Anachita zimenezi miyezi isanu ndi iwiri, mpaka akuluakulu ake anamuuza kuti mwezi ukatha osapeza kanthu, kafukufukuyo atsekedwa.

Loweruka lina m'dzinja anapita kukaona bambo ake, a Kalilombe, omwe ankafesa mbande za mitengo kuseri kwa nyumba.

"Nkhope yagwa bwanji, mwanawe?" anafunsa bambowo.

"Majini andikanika, bambo."

"Majini? Ndiye tiitane abusa adzakupempherere!"

Zione anaseka mpaka misozi. "Ayi bambo, si mizimu ija. Awa ndi a m'thupi."

Atawalongosolera zonse, a Kalilombe anangoti "Hmm," n'kutola nkhono yaikulu pakati pa machubu a mbande. Anaiika pa njerwa.

"Iwe wophunzira, tandionetsa maso a nkhonoyi."

Zione anaigogoda ndi kamtengo. Nkhono inalowa m'chigoba. Anaitembenuza, anaiuzira mpweya, koma inangolowereratu.

"Taisiya. Khala pansi apa," anatero bambo ake.

Anakhala pansi onse awiri. Miyendo ya Zione inachita dzanzi, nyerere zinamukwera, koma bambo ake anamugwira mkono kuti asasunthe. Patapita nthawi, mutu unasuzumira. Kenaka tinyanga tiwiri tinatalika pang'onopang'ono, ndipo kunsonga kwake kunali timadontho takuda.

"Ndi amenewo," ananong'ona a Kalilombe. "Analipo kale. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Lolemba Zione anaviika timagalasi tatsopano. Maola awiri atakwana, dzanja linamuyabwa, koma analiika m'thumba. Tsiku loyamba linadutsa, lachiwiri linadutsa, lachitatu linadutsanso. Lachinayi m'mawa anavuula kagalasi kamodzi n'kusuzumira. Ubongo wonse unali woyera, koma pakachigawo ka zokumbukira paja panali kadontho kofiirira, kopindika ngati mwezi wongokhala kumene.

Anakuwa mwakuti anzake anathamangira m'chipindamo poganiza kuti wadzicheka. Anamupeza akuvina ali chivalire magolovesi, ndipo nawonso atasuzumira analowa m'bwalo, wina akuimba ng'oma patebulo. Kafukufuku sanatsekedwe.

Anaimbira foni bambo ake. "Bambo, ndawaona!"

"Majini aja? Apatse moni," anayankha a Kalilombe, akuseka.

Kuyambira pamenepo anthu amati: kuona maso a nkhono n'kudekha. Tanthauzo lake ndi lakuti zinthu zina zilipo ndithu, koma sizionekera kwa munthu wothamanga. Ukazikakamiza zimabisala. Ukakhala pansi n'kuugwira mtima, zimatuluka zokha.