Dzina la Shehe pa Pangano la Sola

Che Jawadu, mwini sitolo ya masola ndi mabatire pa Ntaja, anafika kwa Shehe Ndembo Lachisanu, mapemphero a swala ya Juma atangotha. Anawapeza pakhonde la madrasa akusoka mkeka wong'ambika. Shehewo ndi amene anamuphunzitsa alifu, zilembo za Chiarabu, ali mwana, namusunga pakhomo pawo chaka chimene bambo ake anamwalira, ndipo Jawadu sanaiwale.

Atapatsana salamu, anafotokoza chimene anadzera. Loya wina wa ku Zomba anamulembera pangano loti aliyense wogula sola azisaina. M'menemo munali mawu akuti pakabuka mkangano uliwonse, wogula asapite kukhoti, nkhani ithere kwa mkhalapakati amene sitolo yasankha.

"Ndasankha inu, Shehe," anatero monyadira. "Kukhoti nkutali, milandu imagonera. Inu aliyense amakukhulupirirani. Kumeneku ndiye kuthokoza kwanga pa zonse munandichitira."

"Allah akulipireni zabwino," anayankha Shehe, singano ili m'manja. "Mwati mkangano uliwonse?"

"Uliwonse."

"Waya akaduka, ndamva. Nanga batire likaphulika, nyumba ya udzu n'kupsa, mwana n'kuvulala?"

"Loya akuti nazonso zilowe momwemo."

"Nanga munthu akakana kusaina?"

"Ndiye sagula. Kuno masola olimba ndimagulitsa ndine ndekha."

Shehe anaika mkeka pambali.

"Che Jawadu, kuyanjanitsa anthu ndi ntchito yabwino, sindiikana. Koma taganizani za mayi wosadziwa kuwerenga, amene anangodinda chala chifukwa akufuna ana ake aziwerengera powala. Nyumba yapsa. Akubwera kudzadandaula, akupeza woweruza ndine, amene ndinakulerani, ndinamanga ukwati wanu wa nikaha, pampando mwandikhazika ndinu. Mtima wanga ndimaudziwa. Ndikakuonani umapendekera kwa inu mayiyo asanatsegule n'komwe pakamwa. Ndimauopa mtima umenewu, chifukwa ndikaufotokozera pamaso pa Allah."

Jawadu anazyolika. Poyamba zinamuwawa kuti mphatso yake yabwezedwa. Kenako anakumbukira amayi ake, mmene ankadindira chala pa mapepala amene sankawamva bambo atamwalira, ndipo anazindikira kuti mkuluyu akumuteteza monga kale.

"Zikomo, Shehe. Kale munandidyetsa, lero mwanditsekera dzenje. Ndiye ndilembe chiyani?"

"Za moto ndi kuvulala zichotsenimo, khomo la khoti musamutsekere munthu. Zing'onozing'onozo, mkangano ukabuka mumufunse pamenepo ngati akundifuna. Akavomera, bwerani nonse, mkeka ulipo. Koma lembani, ndipo muzimuwerengera mokweza, kuti ali ndi ufulu wondikana. Ngati wogula sangathe kundikana, sindine mkhalapakati, ndine wantchito wanu."